Kusintha oyilo wa galimoto nokha pamene zaka zapita: malangizo kwa madala anzanga a ku Dedza ndi Ntcheu

Anzanga amene tinapuma pa ntchito koma kagalimoto kathu kakadali pakhomo, kaya ndi Probox kaya Sienta kaya Corolla yakale ija, nkhani iyi ndi yanu. Kusintha oyilo si ntchito yofuna mphamvu ayi, mwana wa Fomu 2 atha kuigwira bwinobwino. Chimene chimativuta ife ndi kugona pansi pa galimoto kenako nkudzukapo, maso osaona mumdima wa pansipo, ndiye kuli zala zimene zikagwira chitsulo mmawa wa mwezi wa June kuno ku Dedza zimangoti gwaa osafuna kupindika. Ndiye zambiri zimene ndilembe pano ndi zokonza malo ndi kusamala thupi, zomasula bawutizo ndi zochepa kwambiri.

Ena anena kuti madala bwanji osangopita ku galaja. Pitani ndithu ngati muli ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ine sindikulimbana ndi amakaniko, alipo odziwa ntchito pa boma pomwepa. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo oyilo akadula pamabwera anthu othira oyilo wachabechabe mzigubu za dzina labwino. Mukasintha nokha mumaona ndi maso anu chidindo cha pa chivindikiro chikuthyoka, mumadziwa kuti filita yalowadi yatsopano osati yakale yongopukuta, komanso mumaona zimene zatuluka mu injini yanu, zimene ku galaja zimathiridwa mu diramu inu muli pa benchi kuwerenga nyuzi.

Tiyambe ndi kugula. Oyilo gulani pa filling station kapena shopu ya masipeya yodziwika, wa mchigubu chomata, osati woyeza mmabotolo pamsika. Onani kuti mphete ya pa chivindikiro sinathyoke komanso pepala la pa chigubu silikuoneka lomatanso. Nkhani ya nambala ndi imene anthu ambiri amasochera. Tinazolowera 20W-50 chifukwa ndi amene tinkathira mma Datsun ndi ma Peugeot akale, ndiye wina amangothira yemweyo paliponse. Tigalimoto ta ku Japan ta masiku ano, monga ta injini ya 1NZ imene ili mu Probox, Sienta ndi ma Corolla ambiri, tinapangidwira oyilo wopyapyala monga 5W-30. Nambala yoyamba ija, ya kutsogolo kwa W, ikakhala yochepa ndiye kuti oyiloyo amayenda msanga injini ili yozizira, ndipo kuno nkumtunda, boma la Dedza lili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mmawa wa June ndi July oyilo wolemera amachedwa kukwera kumutu kwa injini ndipo nthawi imeneyo ndi imene zitsulo zimadyana. Injini ikakhala yotopa kwambiri ndipo yayamba kumwa oyilo, 10W-40 amathandiza. Za dizilo monga Hilux zambiri zimayendera 15W-40 wa dizilo. Buku la galimoto ngati lilipo ndiye mwini nkhani, olo litakhala la Chijapani manambala amawerengeka.

Kuchuluka kwake, 1NZ imalowa malita 3.7 mukasinthanso filita, ndiye chigubu cha malita 4 chikwana ndipo patsala pang'ono wowonjezera. Hilux ya dizilo imadutsa malita 6, gulani zokwanira musanamasule kanthu, musadzapezeke galimoto ilibe oyilo inu mukusaka kabaza wopita ku boma. Filita gulani pamodzi ndi kawashala ka pa bawuti ya pansi, nkotchipa koma ndi kamene kamaletsa kudontha. Mukamagula filita tchulani injini osati dzina la galimoto lokha, kapena jambulani yakaleyo pa foni mukawaonetse.

Zida sizambiri. Sipanala ya ring'i kapena soketi, pa ma Toyota ang'onoang'ono ndi ya 14. Musagwiritse shifiting'i kapena sipanala yotsegula kukamwa, imaterereka nkudya makona a bawuti ndipo chala chimakamenya chitsulo, khungu lathuli likang'ambika limachedwa kupola, a shuga ndiye mukudziwa. Pezani chomasulira filita, kaya cha tcheni kaya cha lamba kaya chokhala ngati kapu chovala kumutu kwa filita, ndi kapaipi kachitsulo kotalika ngati mkono kovekera pa sipanala. Beseni lakale lotakata losachepera malita 8, fanelo kapena botolo lodula pakati, nsanza zambiri, magolovesi, katoni yaikulu yoyala pansi ndi mtsamiro wakale. Tochi yovala pamutu ija amagulitsa pamsika ndi yabwino kuposa ya pa foni chifukwa manja onse amakhala omasuka. Mandala anu owerengera valani, amatetezanso maso ku dothi logwa kuchokera pansi pa galimoto.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimve bwino, yokweza galimoto. Jeke imene imabwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala basi, munthu ali panja. Musalowetse mutu kapena chifuwa pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke, ngakhale kwa kamphindi. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti nazonso ayi, zimaoneka zolimba koma zimaphwanyika kamodzinkamodzi osachenjeza. Mnyamata mwina atha kudzikoka msanga, ife kuti titembenuke pamafunika kaye kukambirana ndi msana.

Njira imene ndimaikonda ine ndi yosakweza ndi jeke nkomwe. Matabwa a paini kuno sasowa, pitani kwa ocheka matabwa mukatenge okhuthala mainchesi awiri, otakata kuposa tayala lanu, mudule zidutswa zitatu zosiyana kutalika, lalitali pansi, lapakati pamwamba pake, lalifupi pamwamba penipeni, mukhomerere pamodzi ndi misomali yaitali kuti zikhale masitepe, kumapeto mukhomepo kathabwa kopingasa koimitsa tayala. Mupange ziwiri. Galimoto ikakwera pamenepo kutsogolo kumanyamuka masentimita ngati 15, ndipo malo amenewo akwana kuti mkono ndi phewa zifike pa bawuti. Thabwa lake likhale louma lopanda mng'alu komanso losafumbwa. Pokwera ikani giya yoyamba kapena L, pang'onopang'ono, wina aime pambali osati kutsogolo azikuuzani. Mukafika kokani handibuleki, ikani pa P kapena mu giya, zimitsani, tsekerani matayala akumbuyo ndi zipika, kenako igwedezeni galimotoyo ndi manja muone ngati yakhazikika. Malo akhale a fulati ndi olimba. Makomo ambiri kuno ndi otsetsereka ndipo nthawi ya mvula dothi limafewa, ngati pakhomo panu pali potero pitani pa simenti kwa neba. Amene muli ndi mwayi wa dzenje la galaja pafupi, kambiranani ndi mwini wake mumupatse kangachepe, kugwira ntchitoyi mutaimirira ndi bwino kuposa zonsezi.

Nthawi yake isakhale mbandakucha. Dikirani dzuwa likwere cha mma 9 kapena 10, mwadya, mwamwa mankhwala anu a BP kapena a shuga ndipo thupi lamasuka. Musagwire muli nokha pakhomo. Mayi akunyumba kapena mdzukulu akhale pafupi pomva mukaitana, foni ikhale mthumba osati pa mpando wa galimoto. Ndipo ngati mawondo kapena msana zakana ndithu, palibe manyazi, mdzukulu ndi amene agone pansi inu mukhale pa mpando pambali ndi tochi muzimuuza chogwira. Bola maso ndi mutu zikhale zanu.

Lizani injini kwa mphindi 5 kuti oyilo afunde, panja osati mu galaja yotseka chifukwa utsi wa galimoto umapha mwakachetechete. Oyilo wofunda amatuluka msanga ndi zinyalala zake. Koma ngati mwangofika kuchokera ku Lilongwe kapena mwakwera chitunda cha ku Golomoti, isiyeni ipume kaye theka la ola kapena kuposa, oyilo wa nthawi imeneyo amawaula khungu. Tsegulani boneti, masulani chivindikiro chothirira oyilo, ndipo yesani kaye kugwedeza filita pang'ono ndi chomasulira chija ngati ikufikika. Chifukwa chake nchakuti filita ikakana, muli ndi mwayi wopita nayo galimoto kwa makaniko oyilo akadalimo.

Yalani katoni, gwadani kaye, tsamirani pa chigongono, gonani chammbali kenako lowani. Pezani sampu, ndi chibeseni chachitsulo cha pansi pa injini, bawuti yake imakhala imodzi yaikulu kumunsi kapena chakumbuyo kwake. Apa chenjerani, giyabokosi nayo ili ndi bawuti yake yotulutsira mafuta ndipo pa tigalimoto toyendera matayala akutsogolo ziwirizi zimakhala moyandikana. Mukamasula ya giyabokosi mutulutsa mafuta a giya kenako muthira oyilo pamwamba pa wakale mu injini, zinthu ziwiri zaonongeka tsiku limodzi. Tsatirani ndi maso kuchokera pamene pali dipisitiki ya injini, kachitsulo kosolola koyezera oyilo kaja, kutsika pansi. Zikatuluka zofiirira kapena zoyera mbee mmalo mwa zakuda, bwezerani bawuti msanga.

Kumasula ndi kuzunguliza mobwerera, mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera mukayang'anizana ndi mutu wa bawutiyo. Munthu ukagona chagada mutu umasokonezeka, ndiye ganizani kaye musanakoke, ambiri amamanga akuyesa akumasula. Vekani kapaipi kaja pa sipanala ndipo kokerani kwa inu pang'onopang'ono, osakankha, osagwedeza mwa mkwiyo, utali wa paipi ndi umene ugwire ntchito osati phewa lanu. Ikangoti thee chotsani sipanala, sendezani beseni, malizani ndi zala mukuikanikiza bawutiyo mkati mpaka mazinga atha, kenako ichotseni msanga chammbali. Oyilo poyamba amathamanga patali ndiye beseni likhale chakutsogolo kwa mmene akulowera, akamachepa mulibweze pansi penipeni. Bawuti ikagwera mu beseni isiyeni, muivuula pambuyo.

Oyilo akutsika choncho inu tulukani, musagone pansipo kudikira. Ndipo kudzuka kwake kukhale kwa ulemu, tembenukirani chammbali, gwadani, khalani kaye pansi kapena pa kampando mpweya ubwerere, kenako imirirani mutagwira galimoto. Mankhwala ena a BP amapangitsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo pogwera pake apa pali zitsulo zokhazokha. Mphindi 10 kapena 15 zikwana kuti atsike yense, imwani tiyi.

Mukabwerera unikani mu beseni ndi tochi. Oyilo wakuda ndi mmene amakhalira, makamaka wa dizilo amada msanga, musadandaule. Chodetsa nkhawa ndi akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa mu oyilo ndipo kawirikawiri ndi gasiketi ya kumutu kwa injini, imeneyo ndi ya makaniko. Tizitsulo tonyezimira tambiri pansi pa beseni nato ndi uthenga woipa, kanunkhidwe ka petulo kwambiri chimodzimodzi.

Pukutani bawuti, chotsani washala yakale, nthawi zina imakakamira pa sampu ndiye ionetsetseni, ikani yatsopano. Bawuti iyambeni ndi zala mpaka ifike kumapeto, ikalimba mutangoyamba kumene ndiye kuti yalowa mopingasa, bwezani muyambenso. Pomanga paipi ija ikhale kutali. Sipanala yokha, dzanja limodzi, mpaka mumve kuti yagwira kenako kukoka kamodzi pang'ono basi. Amene muli ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira, pa 1NZ ndi cha mma 38 Nm. Mazinga a sampu akadyeka chifukwa chomangitsa ndi ndalama zambiri kuposa oyilo amene mumafuna kupulumutsa.

Filita tsopano. Sendezani beseni pansi pake chifukwa imakhala ndi oyilo mkati, masulani, itulutseni choimika. Yang'anani pa filita yakaleyo ngati mphira wake wozungulira watuluka nawo. Ukatsalira pa injini inu nkumangapo yatsopano, mphira ziwiri sizigwirana, oyilo amapopera panja injini ikangolira ndipo mutha kuimaliza musanafike pa Bembeke. Pukutani pokhala pake, pakani oyilo watsopano ndi chala pa mphira wa filita yatsopano, ipotokoleni ndi dzanja mpaka mphira ukhudze, kenako onjezerani magawo atatu a magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Ndi dzanja, osati chomasulira. Ngati zala zili ndi nyamakazi valani golovesi ya mphira youma kuti igwire, kapena muitane mdzukulu koma mumuuze poimira, anyamata amakonda kuonetsa mphamvu ndipo amene adzavutike kumasula ulendo wina ndinu. Galimoto zina zatsopanoko zili ndi filita ya pepala yolowa mkabokosi, pamenepo mumasintha pepalalo ndi mphira zimene zimabwera mu paketi.

Thirani oyilo ndi fanelo koma osati yense, siyani ngati theka la lita. Chigubu cha malita 4 kapena 5 chimalemera ukachinyamula motambasula mkono, ndiye tsanulirani kaye mu jagi yoyera muzithira pang'onopang'ono, msana uthokoza. Tsekani chivindikiro, lizani injini osaponda moto, yang'anani kanyali kofiira ka oyilo pa dashibodi, kayenera kuzima pa masekondi ochepa. Kakapitirira kuyaka zimitsani pompo. Isiyeni ilire mphindi ziwiri inu mukusuzumira pansi muli panja, pa bawuti ndi pa filita pasakhale kudontha. Chotsani beseni ndi zipika, tsitsani galimoto pa matabwa, zimitsani, dikirani mphindi 5 ili pa fulati. Solola dipisitiki, pukuta, bwezera mpaka pansi, sololanso. Oyilo watsopano ndi woyera ndipo savuta kumuphonya ndi maso athuwa, ndiye gonekani dipisitikiyo pa pepala loyera muone pamene panyowa. Onjezerani wotsala uja pang'onopang'ono mpaka afike pafupi ndi chizindikiro cha pamwamba koma asadutse, wochuluka amachita thovu ndipo amaphulitsa masilu, mphira zoletsa oyilo kudontha. Mawa lake mmawa suzumiraninso pansi pamene inagona.

Lembani tsiku ndi makilomita pa kapepala mumate pa chitseko, komanso mu kabuku. Mutu umaiwala. Kwa ife oyenda mmisewu yafumbi yopita kumunda, kukatenga mbatatesi ku Tsangano kapena kabichi ku Lizulu, makilomita 5,000 ndi muyezo wabwino wosinthira oyilo. Koma ambiri a ife galimoto imangopita kutchalitchi, kuchigayo ndi ku chipatala kukatenga mankhwala, maulendo afupiafupi amene injini siitentha mokwanira, chinyezi chimatsalira mu oyilo. Ndiye olo makilomita asanakwane, miyezi 6 ikatha sinthani, musadutsitse chaka.

Oyilo wakale muthireni mchigubu chimene mwakhuthula chija, tsekani, lembanipo, ikani patali ndi ana ndi ziweto. Osathira mchimbudzi, mngalande kapena pafupi ndi mjigo ndi dimba, amalowa pansi nkukaononga madzi amene tikumwa tomwe. Funsani ku galaja kapena pa filling station, ambiri amasonkhanitsa mma diramu. Mmanja sambani ndi sopo osati petulo, oyilo wogwira kale ntchito si wabwino kukhalitsa pakhungu.

Poti boneti ndi yotsegula kale, pali tina tochita mutaimirira. Filita ya mpweya imatsegulidwa ndi timakilipu, itulutseni muiyang'anitse kudzuwa, ngati kuwala sikudutsa gulani ina, nthawi ya fumbi kuyambira August mpaka mvula itagwa imadzadza msanga. Madzi a mu rediyeta onani pa kabotolo ka pambali, chivindikiro cha rediyeta osatsegula injini ili yotentha, ndipo thirani coolant, madzi amankhwala oziziritsa injini, osati madzi a pa mjigo okhaokha, amachititsa dzimbiri ndipo amatseka timipata. Mitu ya batire ikamera zoyera chotsani waya wa minus poyamba, tsukani ndi madzi ofunda osungunulamo soda, pobwezera minus ikhale yomaliza. Batire imalemera, kuinyamula asiyireni ana. Mpweya wa matayala manambala ake ali pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, yezani matayala ali ozizira, ndi la sipeya lomwe. Pa tayala palinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019, tayala la galimoto yongokhala limatha ndi ukalamba mapanga akadali akuya, muone ming'alu mmbali.

Mafuta a mabuleki yang'anani pa kabotolo kake kuti ali pakati pa mizere iwiri, mtundu wake walembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4. Akamatsika musamangowonjezera, ndiye kuti mapadi atha kapena penapake pakudontha, ndipo amene amatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti kupita kunyanja akudziwa kuti kumeneko mabuleki si ochita nawo mwina. Ntchito ya mabuleki yeniyeniyo, mafuta a giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT ngati ya mma Sienta ambiri amene amafuna mtundu wakewake, masipuling'i, ndi chilichonse chofuna kuchotsa tayala munthu nkulowa pansi, zimenezo ine ndimapereka kwa makaniko, ndipo ndimapita ndi kabuku kanga kaja kuti alembemo chimene wasintha ndi makilomita ake.